Seti ya chubu cha m'chifuwa ya botolo limodzi: ndi yodalirika, koma trocar ichotseni

Seti iyi imabwera ndi chubu cha 28 Fr (Fr ndi muyeso wa kunenepa kwa chubu) chotulutsira magazi kapena mpweya m'chifuwa, paipi yolumikizira ndi botolo la madzi. Kwa wovulala amene magazi aunjikana m'chifuwa, kukula kumeneku ndi koyenera, popeza malangizo a ATLS (maphunziro a kasamalidwe ka ovulala kwambiri) a mu 2018 anati 28 mpaka 32 Fr.

Chubucho chilibe vuto. Mzere wake woonekera pa X-ray umaduka pa bowo lomaliza la m'mbali mwa chubucho, choncho mumadziwa msanga ngati bowolo latsalira kunja kwa nthiti, komwe limakankhira mpweya pansi pa khungu.

Choipa ndi trocar, chitsulo chosongoka chimene chili mkati mwa chubu. Chingaboole mapapo, chiwindi, kapamba ngakhale mtima. Sololani chitsulochi musanayambe. Bayani lidocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) wa 1%, osapitirira 3 mg pa kilogalamu, kufikira pa nembanemba ya mkati mwa chifuwa. Chekani khungu masentimita 2 kapena 3 pa mpata wachinayi kapena wachisanu wa nthiti, kutsogolo pang'ono kwa mzere wapakati pa khwapa. Kanulani minofu ndi forceps (chopanira cha opaleshoni), mukudzera pamwamba pa nthiti ya m'munsi, chifukwa mitsempha imayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Pisani chala mutsimikize kuti muli m'chifuwa, kenako lowetsani chubu. Ulusi wosokera mulibe m'setimu, konzeranitu ulusi wa silk wokhuthala.

Botolo ndilo lofuna maso. Nsonga ya paipi imire masentimita 2 m'madzi, ndipo botolo likhale m'munsi mwa chifuwa nthawi zonse. Popeza madzi ndi magazi zimasakanikirana m'botolo limodzi, magazi akamachuluka paipi imamira kwambiri ndipo zotuluka zimavutika kutsika. Lisintheni lisanafike pamenepo. Komanso lembani pabotolo pamene madzi analekeza, apo ayi muwerenga madziwo ngati magazi. Kuwerengaku si nkhani yaing'ono: 1,500 ml otuluka nthawi imodzi, kapena 200 ml pa ola kwa maola 2 mpaka 4, ndiye kuti wodwala akufunika opaleshoni yotsegula chifuwa.

Polumikizira pamaguluka wodwala akamatembenuzidwa, mangani ndi pulasitala. Madzi a m'paipi akasiya kukwera ndi kutsika popuma, musafulumire kuganiza kuti phapo lafutukuka. Yang'anani kaye ngati chubu chapindika kapena chatsekeka ndi magazi oundana, chifukwa magazi otsalira m'chifuwa angasanduke mafinya. Ponyamula wodwala musapane chubu ngati chikutulutsa thovu, mpweya ungapanikize phapo ndi mtima.

Pomwe palibe makina okoka mpweya ndi magazi m'chifuwa, seti iyi ndi yokwanira, bola pakhale namwino woyang'ana botolo ola lililonse.