Makhadi a tsiku lobadwa ku Kasungu: sizasi kapena makina?

Ena amagwiritsa ntchito sizasi, pepala lolimba, inki ndi chidindo chosema pa labala yofufutira kapena pa mbatatesi. Ena ali ndi makina ngati Sizzix Big Shot, opukusa pamanja, amene amakanikiza pepala pa kachitsulo kakuthwa kooneka ngati duwa kapena chilembo.

Mtengo: sizasi ndi labala zili pa Boma pomwepa. Makina ndi oitanitsa kunja, ndipo tizitsulo take mumagula padera, apa ndiye ndalama zimathera.
Kulimba: chidindo cha mbatatesi chimafota msanga, cha labala chimakhalitsa, tizitsulo timatha zaka.
Ntchito yake: makina amadula mofanana nthawi zonse, magetsi athime asathime. Sizasi pa tizilembo ting'onoting'ono imatopetsa dzanja.

Ngati mukupangira mwana wanu khadi limodzi, sizasi yakwana. Makinawo asiyireni ofuna kugulitsa makhadi ambiri.