Mpando wa makatoni wa mwana wathu: zomwe ndaona

Mwana wathu wamkazi ali ndi cerebral palsy. Ubongo unavulala atadwala chikasu ali wakhanda, ndipo mpaka lero khosi limagwa, satha kukhala yekha. Kuchipatala komwe timapita kumafizo anatipangira mpando wa makatoni ndi manyuzipepala omata ndi phala la ufa. Anayamba amuyeza msana, miyendo ndi m'chiuno, ndiye unamukwana bwino.

Chimene ndaukondera kwambiri ndi nthawi ya chakudya. Kale mayi ake ankamudyetsa atamugoneka pamiyendo, phala n'kumamutsamwitsa, kutsokomola mpaka misozi. Pano amakhala chowongoka, mutu utatsamira bwino, ndipo amameza mosavuta. Kathebulo kakutsogolo timaikapo chikho ndi zoseweretsa, manja ayamba kufikira. Azichimwene ake akamasewera pakhonde iyenso amakhala pomwepo, osati kumangogona m'nyumba kuyang'ana denga. Mayi ake nawo msana wapumako, poti mwana wazaka zinayi kumubereka tsiku lonse si zamasewera.

Zovuta zilipo. Mpandowu sugwirizana ndi madzi ngakhale anaupaka penti. Mkodzo ukalowa pansi pamafewa, ndiye timayala pulasitiki ndi chitenje. Nthawi ya dzinja tisauiwale panja. Mphemvu ndi makoswe zimakopeka ndi phala lomatira lija, choncho usiku timauika pamwamba.

Makolo anzanga, musagule mpando wopangidwa kale pamsika. Pitani naye mwana akamuyeze, ndipo funsani kuti azikhalamo nthawi yaitali bwanji, chifukwa amafunikanso kugona chafufumimba ndi kuimitsidwa. Mpando wathuwu wayamba kumuthina m'chiuno, tikapangitsa wina.