Phewa loguluka: mafizo okha kapena opareshoni?

Phewa likaguluka koyamba, makamaka kwa munthu wachikulire, nthawi zambiri mafizo okha amakwanira akalibwezera m'malo mwake kuchipatala. Mkono umapumula pansalu yokoleka m'khosi kwa masabata ochepa, kenako mumalimbitsa minofu yozungulira phewa pokoka lamba wotamuka. Ngakhale chubu cha njinga chimathandiza. Akakuphunzitsani kuchipatala, mumapitiriza kwanu komweko.

Mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo kapena wopalasa bwato pa Shire ndiye amandidetsa nkhawa, chifukwa phewa la wachinyamata limakonda kugulukanso. Likabwereza, akaonane ndi dokotala wa mafupa ku chipatala cha Queens ku Blantyre. Opareshoni imasoka zomwe zinang'ambika mkatimo, koma mafizo sathawika. Nsalu ija aivala masabata 4 mpaka 6, khasu lidikire miyezi ingapo, ndipo maulendo okwera ku Blantyre amadya ndalama.