Miyezi isanu tikugwiritsa ntchito Starlink ku Vubwi

Gulu lathu la alimi a soya ndi nshawa kuno ku Vubwi linagula Starlink, chipangizo cha intaneti yodzera pa setilaiti, titangomaliza kukolola, chifukwa tinali titatopa ndi kukwera pachulu cha kuseri kwa sitolo kukasaka netiweki nthawi iliyonse imene tinkafuna kutumiza mapepala kwa ogula a ku Chipata. Dishi yake ndi yaing'ono ngati thireyi yoperekera tiyi. Tinaimangirira padenga, mbali imene nthambi za mango siziphimba thambo, ndipo lisanathe ola, mlembi wathu anali akucheza pavidiyo ndi mwana wawo wa ku Lusaka popanda kudukaduka.

Pa liwiro ndilibe dandaulo, pakuti masetilaiti ake amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 550 okha, kotero uthenga suchedwa panjira. Wofuna kugula adziwiretu kuti chipangizochi chimafuna magetsi nthawi zonse, ndiponso kuti mtengo wa zida ndi malipiro a pamwezi mlimi mmodzi sangaukwanitse. Ifeyo tinachita kusonkherana, sola ndi batire zomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mpikisano. Starlink inayamba ntchito m'Zambia mu Okutobala 2023 italandira laisensi ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira zamtokoma, ndipo amene angaikwanitse ndi mabungwe, amalonda ndi malo ogona alendo monga a ku Mfuwe, omwenso ndiwo makasitomala amene amapangitsa kampani ya mafoni kuona phindu pomanga nsanja za netiweki kumudzi. MTN, Airtel ndi Zamtel amakumba maziko, amathira dizilo m'majenereta ndi kulipira alonda. Olipira kwambiri akathawira kumwamba, ndani adzamangire nsanja agogo amene amalandira ndalama za soya wawo pa kafoni ka mabatani? Alimi athu ambiri timawalipira pafoni, ndipo dishi yathuyi siwafikitsira ndalamazo kumudzi kwawo.

Sindikufuna kuti setilaiti itsekerezedwe njira, chifukwa ndaona ndi maso anga ubwino wake. Ndikupempha ZICTA ndi CCPC, bungwe loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, kuti aonetsetse kuti wa kumwamba ndi wa pansi yemwe akusenza mofanana udindo wofikitsa netiweki kumidzi, ndiponso kuti aziunika mapangano onga amene Airtel Africa inasaina ndi SpaceX, eni ake a Starlink, mu 2025, kuopa kuti akuluakulu akagwirizana mitengo ingaleke kupikisana.

Kwa sukulu, chipatala kapena gulu longa lathu, ndikuvomereza kuti mugule, koma simu kadi yanu musaitaye.