Filimu ya mbiri ya Wenela: zithunzi zakale kapena mawu a agogo?

Wofuna kujambula filimu ya Amalawi amene ankagwira ntchito m'migodi ya kuno ku Johannesburg, olembedwa ndi Wenela (bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi), ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi zithunzi ndi makanema akale. Ku Historical Papers, malo osungira zakale a pa yunivesite ya Wits, kuli zikalata zambiri, ndipo zimathandiza kutsimikizira zaka. Koma makanema akale amalipiritsa pa sekondi iliyonse, komanso ambiri anajambulidwa ndi eni migodi, ndiye mgodi umaoneka waukhondo, wantchito alibe mawu.

Yachiwiri, yomwe ndi yoposa, ndi kucheza ndi agogo amene anatsikira pansi okha. Iwo ndi amene angafotokoze mmene mitima inasweka mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 obwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulemba anthu.

Apa chimaononga ntchito ndi phokoso, osati chithunzi. Maikolofoni yaing'ono muimange pa kolala, pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa. Zimitsani firiji ndi wailesi, ndipo m'nyumba ya malata musajambule mvula ikugwa. Pomaliza jambulani masekondi 30 onse ali chete, muzidzatsekera mipata ya mawu podula filimuyo. Chilolezo asayine musanayatse kamera, mutawawerengera m'Chichewa.

Musapitirire ola limodzi, amatopa. Zaka amazisokoneza ndithu, ndiye chaka chilichonse chimene atchule mukachiyang'ane m'zikalata musanachilembe pa sikirini.