Msampha wa agulugufe ausiku: mmene wayendera kuyambira Epulo

Kwa inu amene munafunsa ngati msampha wa mtundu wa Skinner (bokosi lathabwa lokhala ndi nyali pamwamba, logwirira agulugufe ausiku amoyo) ndi woyenera ndalama zake, ndikuti inde. Chomwe ndingapemphe ndi chakuti musautsekere m'shedi kuzizira kukangoyamba, monga amachitira ambiri kuno ku England. Mu Julayi bokosi limadzaza ndi agulugufe otchedwa Large Yellow Underwing mpaka kutopa nako kuwerenga. Mu Okutobala mumapeza ochepa, koma ndi amene amandidzutsa m'mamawa.

Wanga ndi wa nyali ya actinic, yowala mwa buluu pang'ono. Babu la mercury la mawati 125 limakopa ambiri, inde, koma pamene nyumba zili zogundana limawalira mpaka kuchipinda kwa aneba. Agulugufewa amatsata nyali monga zichitira ngumbi kwathu mvula ikagwa, n'kutsetserekera m'bokosi, n'kubisala m'mathireyi a mazira.

Amene wandisangalatsa kwambiri ndi Merveille du Jour. Ndinamupeza atakhala phee pansi pa thireyi, mapiko obiriwira mwambee, odulidwa ndi timizere takuda ndi toyera. Nditamuika pa khungwa lomera ndere ndinavutika kumuonanso. Mbozi zake zimadya mtengo wa oak, ndiye ngati ulipo pafupi, yembekezerani. Feathered Thorn wamphongo, wa tinyanga ta manthenga, nthawi zambiri salowa n'komwe. Muziyamba mwaunika khoma ndi mpanda musanatsegule bokosi. Blair's Shoulder-knot ndi wotuwa chabe, koma mbiri yake imandikhudza: anaoneka koyamba m'dziko muno mu 1951 ku Isle of Wight, ndipo wafalikira chifukwa cha mitengo ya cypress imene anthu amadzala m'mipanda.

Zovuta zilipo. Mpata wa pamwamba umalowetsa mvula, mathireyi amanyowa n'kufewa, ndipo thabwa layamba kufufuma m'makona. Mpata womwewo ndi umene ena amathawirapo kukacha. Apa msampha wa Robinson umasunga bwino, kungoti ndi wodula. Mbalame nazo zinauzolowera, makamaka robin. Tsopano ndimaphimba bokosi ndi nsalu, kuliika pamthunzi, n'kumasula agulugufewo madzulo m'zitsamba. Sindiyatsa usiku uliwonse, kuti nawo apeze mpata wodya ndi kuswana.

Usiku wa mitambo, wofunda pang'ono, ndiwo wabwino. Kukakhala mwezi ndi chisanu, musavutike.

Zimene ndapeza ndimazilemba pa iRecord, tsamba la pa intaneti lolembapo zamoyo zimene anthu aona. Lipoti la 2021 la bungwe loteteza agulugufe la Butterfly Conservation linaonetsa kuti agulugufe ausiku akuluakulu anachepa ndi 33 peresenti ku Britain pakati pa 1968 ndi 2017, ndipo zimenezi zimandiwawa. Msamphawu ukhalabe panja mpaka December Moth atafika, kenako ndipake thabwa lija vanishi.