Chigwiriro cha sikuludiraiva: mukwa kapena muwanga?

Pulasitiki ya sikuludiraiva ikaphwanyika, chitsulocho musataye, chisemereni chigwiriro chamtengo. Tizidutswa ta matabwa timapezeka motchipa ku msika wa Buseko ku Lusaka, kapena kwa akalipentala a komboni ya Kalingalinga.

Ine ndimakonda mukwa, umene kumudzi timati mlombwa. Umasemeka mosavuta ngakhale ndi mpeni, supindika ukauma, ndipo chiswe chimauopa. Mukaupala ndi sandipepa n'kuupaka timafuta, umafiira bwino ndipo suterereka m'manja mwa thukuta mu Okutobala. Vuto lake ndi nyundo basi. Pa tchizulo, mukamamenya tsiku ndi tsiku, mutu wa chigwiriro umayamba kuphwasuka.

Apa m'pamene muwanga, anzathu Achibemba amati mubanga, umaposa. Ndi wolemera, wouma gwa, nyundo imangodumphapo. Koma konzekani kunola zida kawirikawiri. Ndinasemapo umodzi madzulo onse, chikhatho chinatuluka matuza awiri.

Paini musayese n'komwe, amang'aluka mukangopotoza sikuluwu yadzimbiri.

Mtengo uliwonse mungasankhe, dulani kachidutswa ka paipi yamkuwa mukaveke kukamwa kwa chigwiriro musanakhomere chitsulo, ndipo bowo lichepeko pang'ono kuti chilowe mothina.